Malimu onyezimira, chiwongolero chonjenjemera

Amene amakhala mpando wakutsogolo m'takisi za pakati pa Petauke ndi Nyimba amaona zinthu zimene okhala kumbuyo saona. Tsiku lina ndinakhala pamenepo, m'Corolla yakale ndithu koma yotsukidwa bwino. Titangodutsa pa Minga, singano ya liwiro itafika pa 90, chiwongolero chinayamba kunjenjemera mpaka mikono ya dalaivala inkagwedezeka kufika m'mapewa. Atatsitsa liwiro kufika pa 70, zonse zinati zii. Atapondanso mafuta, zinayambiranso.

"Achimwene, galimotoyi yatani?" ndinafunsa.

"Ndi msewuwu, amdala," anayankha mnyamatayo. "Alayimenti ndinachititsa mwezi wathawu, balansi ndachititsanso, koma palibe chasintha."

Yankho limeneli linandipweteka mtima, ndipo likundipwetekabe. Msewu wa Great East, kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka kumalire ku Mwami, unakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la European Union ndi mabanki a chitukuko, ndipo pamalo pamene tinalipo phula linali losalala. Komanso tonse tikudziwa kuti msewu woipa susankha liwiro, umakugwedezani pa 40 ndi pa 100 pomwe. Chimene chimayamba pa 90 n'kuleka pa 70 chimakhala pa chinthu chozungulira. Titatsika pa Nyimba, paja amayi amayala nthochi m'mbali mwa msewu, ndinawerama n'kuyang'ana mawilo. Anali malimu a mainchesi 17, owala ngati siliva, ovekedwa matayala opyapyala. Corolla yamtundu umenewo inachoka ku Japan itavala malimu achitsulo a mainchesi 14.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa umatiuza koyenera kuyang'ana: m'kati. Ndipo pa malimu ogula m'mashopu a ku Lusaka kapena otsika ndi magalimoto pa Nakonde, nyererezo zili m'kati mwenimweni, pa chibowo cha pakati pa limu.

Limu limene galimoto inabwera nalo limakhala ndi chibowo cholingana ndendende ndi mlomo wa habu. Pa Corolla, RunX, Vitz ndi Allion mlomowo ndi mamilimita 54.1. Pa Honda Fit ndi 56.1, pa Noah ndi 60.1. Limu likalowa pamenepo limakhala pakatikati lokha, manati ntchito yake n'kungolipanikiza. Koma opanga malimu okongolawa amafuna kuti limu limodzi likwane pa magalimoto ambiri, choncho amaboola chibowo chachikulu, kawirikawiri 67.1 kapena 73.1. Mukaveka limu la 73.1 pa habu ya 54.1, pamatsala mpata wa mamilimita 19, ndipo palibenso chimene chikuligwira pakati kupatula manati. Likapendekera pang'ono pokha pomanga, basi kwatha. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, wilo la Corolla limazungulira pafupifupi maulendo 14 pa sekondi imodzi, ndiye kupendekera kwa milimita imodzi yokha kumafika m'manja mwa dalaivala maulendo 14 pa sekondi iliyonse.

Apa ndi pamene ndalama za anyamata athu zikuthera. Makina a balansi amagwira limu pa chibowo chomwecho cha pakati, n'kulikhazika bwinobwino, n'kuonetsa 0 mbali zonse ziwiri. Wapagalaja sananame, pamakina wilo lili bwino. Likabwerera pa galimoto limakhalanso mopendekera, ndipo mwini wake amabwereranso kukalipira balansi ina. Mankhwala ake ndi kamphete ka pulasitiki kapena ka aluminiyamu, kamene ogulitsa amakatcha spigot ring, kodzaza mpatawo: kunja 73.1, m'kati 54.1. Mphete zinayi mtengo wake sufika ngakhale pa wa tayala limodzi. Nanga n'chifukwa chiyani wogulitsa malimu amalandira ndalama za munthu, n'kumulongedzera malimu anayi, osamufunsa n'komwe kuti galimoto yake ndi yamtundu wanji?

Nyerere zina zili pa manati. Malimu ambiri ogula pambali amafuna manati osongoka kumapeto, olowa m'dzenje lake n'kukokera limu pakati. Manati a malimu a aluminiyamu a Toyota ndi aphwatalala, okhala ndi washa, pamene a Honda ndi obulungira kumapeto. Mukamanga limu lofuna manati osongoka ndi manati aphwatalala, amagwira pakamphepete chabe, amamasuka m'njira, ndipo amadya chibowo mpaka chimatalika. Ena amafika pokakamiza limu la mabowo asanu la 112 pa Noah yofuna 114.3, poti kusiyana kwake ndi kochepa. Mabawuti amapindika, kenako amathyoka. Wilo likachoka potsika mapiri a Manenekela kapena pa makona a ku Kacholola, muli anthu asanu ndi matumba a nshawa kumbuyo, kukongola kwa limu kudzathandiza ndani?

Kupeza chimene chavuta sikufuna kompyuta. Kumafuna kumvetsera galimoto. Ngati chikunjenjemera ndi chiwongolero, yang'anani mawilo akutsogolo. Ngati mukumvera pampando ndi pansi pa mapazi, ndi akumbuyo. Ngati kunjenjemerako kumabwera pokhapokha mukaponda mabuleki, malimu muwasiye, vuto lili pa ma disiki. Kukamabwera mukamaponda mafuta pokwera chitunda n'kuleka mukachotsa phazi, kaonetseni ma CV joint. Galimoto ikamayenda mogwedeza chiuno pa liwiro la munthu wapanjinga, ndiye kuti limu lapindika kapena mawaya a m'tayala alekana. Ikwezeni pa jeke, zungulizani wilo ndi dzanja, mudzaona chotupa kapena kupotoka ndi maso anu. Sinthanitsani mawilo akutsogolo ndi akumbuyo: kunjenjemera kukachoka pachiwongolero n'kupita pampando, wolakwa mwamugwira. Kukatsalabe pomwepo, ndiye muyambe kufunsa za tie rod, ma ball joint ndi mabushi.

Koma njira yachidule kuposa zonsezi ndi kubwezera malimu akale aja n'kuyenda nawo kuchokera pa boma la Petauke mpaka pa Minga n'kubwerera. Galimoto ikakhala bata, mlandu watha. Tsoka lake, malimu akalewo amakhala atagulitsidwa tsiku lomwelo limene atsopano anafika, ena anasanduka mbaula, ena ali pa ngolo ya ng'ombe kumudzi. Ndakhala ndikudandaula za khalidwe limeneli kwa zaka zambiri. Timataya chimene mainjiniya anayeza n'kuchipanga molingana ndi galimoto, n'kutola chimene chatikopa maso pawindo la shopu. Tinachita chimodzimodzi ndi njinga zolimba zija zimene zinkanyamula matumba awiri a chimanga, ndipo tikuchita chimodzimodzi ndi nyumba, zimene kutsogolo timapaka penti yowala pamene maziko ake anadya simenti yochepa. Chikomekome cha mkuyu.

Ndipo dera lathu si la matayala opyapyala. Tayala la 185/70 R14 lili ndi khoma lotalika pafupifupi mamilimita 130 pakati pa limu ndi msewu. La 205/45 R17 lili ndi 92 okha. Mphira umenewo ndi umene umalandira nkhonya ya dzenje. Takisi ya ku Petauke siyenda paphula pokha: lero ili ku Mwanjawanthu, mawa ku Ukwimi, ndipo ya ku Nyimba imalowera ku Luembe. Limu lachitsulo likagunda mwala limapindika pamlomo ndipo munthu amaliwongola ndi hamala. La aluminiyamu limapotoka kapena kung'aluka, mpweya n'kumatha pang'onopang'ono. M'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, matope amauma m'kati mwa limu mbali imodzi, ndipo chibuma chimenecho pachokha chimakwana kunjenjemeretsa chiwongolero. Tizitsulo ta balansi tomata ndi guluu timagwanso m'matope momwemo. Musanalipire aliyense, yambani mwatsuka kuseri kwa limu.

Amakaniko athu ndimawalemekeza, ambiri a iwo amadzutsa magalimoto amene ku Japan anali atawataya kale. Koma pali zizolowezi ziwiri zimene ayenera kusiya. Choyamba ndi kuyankha kuti "alayimenti" pa dandaulo lililonse. Alayimenti imachiza galimoto yokokera mbali imodzi ndi tayala lodyeka mbali imodzi, sichiza wilo lokhala mopendekera. China ndi kumanga manati galimoto itatera kale pansi, kuyambira nati imodzi mpaka kuimaliza, kenako kulowetsa paipi ku sipanala n'kuidumphira ndi mapazi. Manati amayenera kuyamba ndi dzanja wilo lili m'mwamba, kumangidwa modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anizana nayo, n'kumalizidwa ndi mphamvu yoyezedwa, imene pa magalimoto aang'ono a Toyota ndi 103 Nm. Mukayenda makilomita 50 kapena 100 ndi malimu atsopano, muyenera kuwakhudzanso manatiwo.

Inu ogulitsa malimu, mphete ndi manati oyenera zikhale m'katoni momwemo, ndipo muzifunsa mtundu wa galimoto musanalandire kwacha ya munthu. Inu eni matakisi, malimu amene galimoto inabwera nawo muziwasunga kuseri kwa nyumba. Ndipo inu apaulendo, mukaona chiwongolero chikunjenjemera m'manja mwa dalaivala, lankhulani, muuzeni achepetse liwiro ndipo pofika pa Nyimba kapena pa Petauke akaonetse mawilowo asananyamule anthu ena.