Duwalo likathina mumphika, tiligawe, tisalitaye

Tikamayenda m'makomboni a m'mafamu kuno ku Western Cape, m'nyumba zambiri timapezamo duwa lija la masamba obiriwira, lotulutsa kanthu koyera ngati kambendera. M'masitolo amalitcha peace lily. Ena anapatsidwa ndi abwana aakazi atatopa nalo, ena anachita kulitola kudzala. Koma ambiri mwa maluwa amenewa akuvutika. Mwathirira m'mawa, pofika madzulo lagwetsa kale masamba. Mukasuzumira pansi pa chitini, mizu yatulukira m'mabowo.

Amayi ena amati lakalamba, n'kulitaya. Ena amatapa pa ndalama ya ufa kukagula mphika waukulu ngati ndowa. Ife tikuti zonsezi n'kulakwitsa. Mphika waukulu umasunga madzi ambiri kuposa amene mizu ingamwe, ndiye mizuyo imaola. Duwalo langothinidwa basi, likufuna kugawidwa.

Ndipo ntchito yake si yachilendo kwa ife. Amene anazulapo ana a nthochi kumudzi nkukawoka pena, wadziwa kale theka lake. Thirirani lero, mugawe mawa. Pendeketsani mphikawo, muugogode m'mbali mpaka dothi lituluke lonse pamodzi ndi mizu. Musakoke masamba ayi. Mukakutumula dothi pang'ono muona kuti si duwa limodzi, ndi timatsinde tingapo togundana. Lekanitsani ndi zala, pang'onopang'ono. Pamene mizu yalukana kwambiri dulani ndi mpeni wotsuka bwino. Tsinde lililonse lipite ndi mizu yake ndi masamba atatu kapena anayi. Mizu yakuda, yofewa, yonunkha, imeneyo dulani mutaye.

Mphika watsopano ungoposa mizu ndi zala ziwiri m'mbali. Chigubu chodula kapena chitini zimakwana, bola muboole pansi. Dothi la m'munda palokha limauma gwa ngati njerwa, choncho sakanizani ndi manyowa owolerana ndi kamchenga. Wokani mofika pomwe linalekezera kale, osalikwirira khosi. Thirirani mpaka madzi atuluke pansi, muike pamalo powala koma posafika dzuwa lenileni, pakuti kwawo ndi m'nkhalango zotentha za ku Colombia ndi maiko oyandikana nawo, pansi pa mitengo.

Apa ndiye pamene ambiri timagwa mphwayi. Masiku oyamba limafota ngati lafa. Musalithirire kawirikawiri chifukwa cha chisoni, ndipo feteleza wa m'munda mwa abwana asayandikeko kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Gwirani dothi ndi chala, likauma pamwamba m'pamene muthirenso. Mwina chaka chino silichita maluwa. Palibe vuto.

Nthawi yake kuno ndi September ndi October, kuzizira kutatha. Abale athu a ku Britain adikire March kapena April. Kugawa mu June kapena July kuno kutha kulifooketsa, chifukwa limadana ndi chisanu.

Tsono pali ziwiri zimene zikutidetsa nkhawa kuposa duwalo. Choyamba ndi ana. Duwa ili ndi pachibale ndi koko, ndipo nonse mukudziwa mmene koko wosapsa amayabwira pakhosi. Mwana wokwawa akatafuna tsamba lake, m'kamwa mumawotcha, milomo ndi lilime zitha kutupa. M'zipinda zathu zing'onozing'onozi, momwe pogona ndi pophikira ndi pamodzimodzi, liikeni pamwamba. Mukamaliza kugawa sambani m'manja musanagwire m'maso kapena kunyamula khanda. Mwana akatafuna n'kuyamba kutupa kapena kuvutika kupuma, thamangirani naye ku kiliniki, tsambalo mutenge.

Chachiwiri ndi mphekesera ija yoti limayeretsa mpweya. Inayambira pa kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 1989, koma iwo ankayesera m'timabokosi totseka, osati m'nyumba yogona anthu asanu. Tamvapo ena akuti poti muli duwa, mbaula itha kugona m'nyumba. Bodza limenelo, abale. Mpweya woipa wa makala sununkha, umapha anthu ali m'tulo, ndipo duwa silingauchotse. Mbaula izigona panja.

Mphika umodzi wothina umatha kutulutsa maluwa atatu kapena anayi. Limodzi sungani, enawo mupatse a khomo loyandikana nalo, makamaka amene angofika kumene m'nyengo yopatulira mphesa, m'chipinda muli mphasa ndi chikwama chokha. Powapatsa muwauzenso za ana ndi za mbaula zija.