Jerusalema ndi filimu yabwino, koma yatisiya kunja

Mnyamata wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo amene akusonkhanitsa ndalama ya basi ya ku Joni amayamba wauona mzinda wa Johannesburg pa kanema asanapondeko. Imodzi mwa mafilimu ouonetsa mzindawu ndi Jerusalema, ya Ralph Ziman, yomwe idatuluka mu 2008. Ndi yakale ndithu, koma ife tikuona kuti ndi yofunikabe kuikambirana muno mu Mzuzu, poti pafupifupi aliyense ali ndi m'bale kapena mnzake kumeneko.

Sitingaimane ulemu wake. Lucky Kunene, mnyamata wa ku Soweto, apeza malo ku yunivesite koma fizi palibe, ndipo mkulu wina, Nazareth, amuphunzitsa kulanda magalimoto. Kholo lililonse lomwe lidagwirapo kalata yoitana mwana kusukulu m'thumba mulibe kanthu likudziwa kuwawa kwa pamenepa. Rapulana Seiphemo, yemwe akusewera Lucky atakula, sachita kukuwa kuti aoneke woopsa. Amavala suti, n'kumayankhula mofatsa ndi anthu a lendi m'nyumba zosanja za ku Hillbrow, kuwauza kuti ndalama azipereka ku bungwe lake m'malo mwa alandilodi, mpaka eni nyumbazo atagwa mphwayi. Umbava woterewu ulikodi, ndipo filimuyi ikuulongosola bwino.

Vuto lake ndi lakuti kamera imangotsatira wotolera lendi. Olipira lendiwo timangowaona ngati chikhamu, opanda maina. Lucky akuthawa m'manja mwa apolisi, filimu n'kutha iye ali mfulu, woonera n'kutuluka akumusirira. Komanso mlendo amene akuoneka kwambiri m'filimuyi, Tony Ngu wa ku Nigeria, ndi wogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Izi zikutipweteka tikakumbukira kuti m'mwezi wa May chaka chomwecho cha 2008, anthu 62 adaphedwa ku South Africa pa zipolowe zodana ndi obwera.

Zimene filimuyi idasiya zidaonekera pa 31 August 2023, pomwe nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg momwemo, yomwe idalandidwa ndi magulu otolera lendi, idapsa ndi moto usiku. Anthu 76 adafa, ndipo ena mwa iwo adali Amalawi. Ankagona m'tizipinda togawa ndi matabwa ndi makatoni, njira zothawira zili zotsekeka. Mwana wathu akatsika basi ku Johannesburg wopanda mapepala, malo ake m'nkhaniyi ndi a wolipira lendi m'tizipinda totere.

Sitikunena kuti filimuyi iletsedwe. Ioneredwe, koma makolo ndi abale amene adakhalako ku Joni awauze anyamata zimene zili kuseri kwa suti ya Lucky. Ndipo inu opanga mafilimu muno m'Malawi, anthu amene adagonapo m'nyumba zimenezi alipo ku Mzimba, ku Nkhata Bay ndi muno mu Mzuzu. Pitani mukawamve, mutipangire filimu ya wolipira lendi.