Mphini za Makono pa Mikono ya Achinyamata

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumapiri a Dedza munthu aliyense amabisala m'juzi, kotero kuti palibe amene amadziwa chimene chili pa mkono wa mnzake. Koma dzuwa la Okutobala likawomba, majuzi navulidwa, m'misika ya pa Chimbiya, pa Linthipe ndi pa boma mumaoneka anyamata ena, makamaka obwerera ku Joni, amene mikono yawo inajambulidwa kuyambira paphewa kufikira padzanja. Pali mikango, zigaza, mawotchi ndiponso mawu a Chingerezi amene mwina mwini wake sangathe kuwamasulira. Achinyamata amazitcha tatuu. Amene angolemba kumene mayeso a Fomu 4 amaziyang'ana mosirira, pamene aphunzitsi ambiri amangopukusa mitu.

Kupukusa mutuko sikunabwezepo mwana ndi mmodzi yemwe, ndipo kulemba pathupi si mwambo wobwera pa basi. Amayi achichewa akale ankatemedwa mphini kumaso, pachifuwa, pamimba ndi m'ntchafu, ndipo m'mabalamo ankatikitamo makala kuti zipsera zide. David Livingstone, poyenda m'dziko lino pakati pa 1859 ndi 1863, analemba kuti mitundu ya anthu inkazindikirika ndi mphini zake. Mishoni zitakhazikika, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Mua mu 1902, sukulu ndi zovala nazo zitafala, mphini zokongoletsa zinayamba kunyozeka mpaka zinatsalira pa matupi a agogo okha. Tsono chimene mnyamata wa lero ayenera kutolapo pa agogowo n'chakuti mphini zawo sizinali za phuma. Wotema anali munthu wodziwika pamudzi, nyengo yake inali yoikika, ndipo tanthauzo lake linkadziwika kwa wotemedwa ndi kwa omuona omwe.

Chachilendo ndi makina. Makina amagetsi ojambulira pakhungu anawalembetsa Samuel O'Reilly ku New York mu 1891. Singano yake imabaya mofulumira kwambiri ndi kusiya inki pansi pa khungu lapamwamba, milimita imodzi kapena awiri kulowa m'kati, pamalo pamene sipafundula. N'chifukwa chake sopo kapena mwala wokhulira sizingaichotse. Ilipo njira yoiwotcha ndi kuwala kwa laser, koma imafuna maulendo ambiri ndi ndalama zochuluka, ndipo pakhungu lakuda imatha kusiya mawanga otuwa.

Kudzaza mkono wonse si ntchito ya tsiku limodzi. Mmisiri amajambula kwa maola angapo, kenaka bala limapatsidwa milungu iwiri kufikira inayi kuti lipole asanapitirize, ndipo ntchito yonse imatha miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Wanzeru amayamba ndi pepala, monga achitira womanga nyumba. Iye ndi mmisiri amagwirizana chithunzi chonse, chimene chidzakhala paphewa, chimene chidzazungulira chigongono, ndi mtengo wa ntchito yonse, singano isanakhudze thupi. Woyamba ndi kambalame lero ndi dzina la chibwenzi mawa amatsala ndi mkono wonga chigamba cha nsanza, ndipo amene ndalama zamuthera pakati amayenda ndi mkango wopanda miyendo. Ayeneranso kudzifunsa za ntchito imene adzafunsira, pakuti si mabwana onse amene amakondwa ndi mkono wolembedwa, ndipo malaya a manja aatali sabisa kuseri kwa dzanja.

Khungu nalo lili ndi malamulo ake. Pakhungu lakuda utoto wachikasu ndi mitundu ina yowala sizioneka bwino, ndipo timizere ting'onoting'ono tothinana timasokonezeka pakapita zaka. Mizere yokhuthala ya inki yakuda, yopatsana mpata, ndiyo imakhalitsa. Munthu amene akavulala kapena akaboola khutu chipsera chake chimatupa ndi kulimba ayenera kuyamba waonana ndi dokotala, chifukwa mkono wonse ungathe kutero.

Pamene pagona moyo ndi pa singano. Kachirombo ka matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7, ndipo kamayenda m'magazi monga kachitira HIV. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko lino mu 2002, kotero kuti ambiri obadwa chakachi chisanafike sanaulandire ali ana. Singano iyenera kutsegulidwa m'paketi yake mwini mkono akuona, inki ithiridwe m'kachikho kotaya ikatha ntchito, ndipo mmisiri avale magolovesi atsopano. Mnzake wa kuhositelo, wogwiritsa ntchito singano yosokera ndi inki ya bolopeni pa anyamata asanu usiku umodzi, ndi wotsika mtengo lero lokha. Apa ndi pamene mphunzitsi wa sayansi angathandize koposa ndodo ya ahedi.

Latsala funso la chojambulacho, ndipo m'pomvetsa chisoni kuti mwana wa ku Dedza akatenge chigaza pa foni pamene kwawo kuli nkhokwe ya zithunzi. M'dera la Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, akuti ndi za Akafula; zoyera ndi za Achewa. Ku Mua nako, malo a Kungoni amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976 akusunga luso la Achewa, Angoni ndi Ayao.

Komabe safunsa anadya phula. Zambiri mwa zojambula zoyera za ku Mphunzi ndi ku Namzeze si zokongoletsa chabe ayi. Zina ndi zophunzitsira anamwali, zina ndi za Gule Wamkulu, ndipo eni ake alipo. Mnyamata wosavinidwa amene angayende pamsika ndi chilombo cha kudambwe pa mkono wake adziputira mlandu umene sadzatha kuuvula. Mmisiri wa mu Lilongwe kapena wa ku Johannesburg sangamuchenjeze za zimenezi. Oyenera kufunsidwa ndi anamkungwi ndi akuluakulu a mzinda, ndipo akakana, kukanako kumveke.

Zopanda mlandu zilipo zambiri. Pali mizere ya pakhosi pa mbiya, malukidwe a lichero ndi a mkeka, ndiponso kasanjidwe ka mikanda ya Angoni a kwa Kachindamoto. Zonsezi ndi za mizere yooneka bwino, yobwerezabwereza, imene imazungulira mkono monga izungulira mtsuko, ndipo inki yakuda yokha imazikwanira.