Kalata ya dokotala si tomato wa pamsika

Mu February 2022, dziko la Austria linalamula kuti akuluakulu onse abaitse katemela wa COVID-19, koma linapatula amayi apakati na odwala amene katemelayo angawavulaze. Ine nivomeleza. Munthu amene anatupa pakhosi n'kubanika atabaitsa koyamba asakakamizidwe kubaitsanso. Koma imwe ofuna kugula kalata yabodza cifukwa ca mphekesela za pa WhatsApp, mukubela munthu ameneyu. Makalata abodza akaculuka, abwana amakaikila onse, ndipo wodwaladi amaoneka wonama. Ife aphunzitsi tidziŵa: ana akazoloŵela kunamizila mutu, wa malungo enieni amavutika kupempha cilolezo. Kalata ilembedwe na dokotala amene wapima munthuyo. Wogulitsa, amulande laisensi.