Masipeya osindikiza pa makina: chogwirira chitseko inde, mabuleki ayi

Anzanga, nkhani ya makina a 3D printer yafika ndi kumagalaja komwe. Makinawa sasema chitsulo ayi. Amasanja pulasitiki yosungunuka kapena ufa wachitsulo pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa unzake, mpaka chinthu chaoneka. Ena ayamba kale kunena kuti posachedwa tisiya kuitanitsa masipeya ku Japan ndi ku Dubai. Ine ndikuti tisathamange.

Kutheka kumathekadi. Mu 2018 a Porsche analengeza kuti akusindikiza zida za magalimoto awo akale, monga kachitsulo ka kilatchi ya Porsche 959, galimoto yomwe anangopanga 292 basi. Kukonza chikombole chatsopano chifukwa cha zida zochepa chonchi kukanakhala kumwaza ndalama. Apa ndiye pamene makinawa amaposa fakitale: chida chosowa, chofunika mwa apo ndi apo.

Koma taonani liwiro lake. Chaka chomwecho a Bugatti anasindikiza chopanira mabuleki cha titanium, ndipo chimodzi chokha chinadya maola 45! A Toyota angadikire zimenezo? Nayo kampani ya Local Motors, yomwe mu 2014 inagometsa anthu ku Chicago ndi galimoto yosindikiza yotchedwa Strati, inatseka mu 2022.

Nanga kwathu kuno? Magalimoto ambiri ndi ogula ku Japan atayenda kale, ndipo tomwe timasautsa kupeza nthawi zina ndi tinthu tapulasitiki: chogwirira chitseko, tomangira bampala, kopotokolera fani. Utiti pulinta yaing'ono ikhoza kupanga ndithu, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku, mnyamata wochangamuka wa ku Ndirande akhoza kudyerapo. Angosamala ndi pulasitiki yotchipa ija ya PLA, chifukwa imayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma 60°C. Ikani galimoto padzuwa ku Nsanje mu Okutobala, mudzapeza chogwirira chanu chapindika ngati nthochi. Pamafunika ABS kapena nayiloni. Magetsinso akathima ntchito ili pakati, kawirikawiri ndiye kuti muyambirenso.

Mantha anga ali pa zida zonyamula moyo wa munthu. Kachitsulo kaja a Porsche anakayesa pokapanikiza ndi kulemera pafupifupi matani atatu, n'kukaunikanso mkati ngati muli ming'alu. Pagalaja ya pansi pa mtengo adzayesa ndani? Masipeya achinyengo tili nawo kale okwana. Minibasi yodzaza ikamatsika mtsetse wa ku Chikwawa, ine sindikufuna kumva kuti mabuleki ake anawasindikiza dzulo ku Limbe. A Malawi Bureau of Standards aikiretu malamulo zisanafike pamenepo.

Ndipo pulinta payokha siidziwa kanthu. Pamafunika munthu wodziwa kuyeza chida chothyoka mpaka pa milimita n'kuchijambula pa kompyuta. Ana athu ambiri amamaliza Fomu 4 asanagwirepo vernier caliper. Ndikanakhala a TEVETA, ndalama yoyamba ndikanaika pamenepo, makina n'kudzagula pambuyo.