Mowa ndi Mapiritsi Ena Amatha Magazi Mwakacetecete

M'makomboni monga Mchini, Kapata ndi Nabvutika, munthu akayamba kumva cizungulire ndi kupuma wefuwefu atayenda pang'ono cabe, acibale amafulumira kunena kuti magazi acepa. Kawirikawiri amanena zoona. Koma palibe amene amafunsa kuti magaziwo acepa cifukwa ciani. Wodwalayo amamugulira botolo la mankhwala oonjezera magazi, ndipo madzulo iye abwerera ku shabini.

Cimodzi mwa zinthu zimene thupi limapangira magazi ndico vitamini B9, imene a zaumoyo amaicha foleti. Ya m'mapiritsi imachedwa folic acid. Foleti imapezeka m'bondwe, m'cibwabwa, m'repu, m'kalembula, m'nyemba, m'nshawa ndi m'ciwindi. Thupi silisunga yambiri. Nkhokwe yake ili m'ciwindi, ndipo itha kuuma m'miyezi itatu kapena inai ngati munthu sadya bwino. Ikacepa, magazi amacepa, lilime limafiira ndi kuwawa, ndipo m'kamwa mumabuka zilonda.

Mowa umaononga foleti m'malo atatu. Umalepheretsa matumbo kuyamwa foleti ya m'cakudya, umafooketsa ciwindi kuti cisasunge, ndipo yotsalayo imataika yambiri pamodzi ndi mkodzo. Pamwamba pa izi, cakolwa sadya. Ndalama ya ndiwo yathera pa kacasu, nsima ya usiku aipeza itazizira. Amuna ambiri amati mowa wamasese ndi cakudya cifukwa umakhutitsa. Kukhuta umakhutitsadi, koma sulowa m'malo mwa mbale ya nyemba. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma ciwindi sicisankha kuti uyu ndi wa m'kapepala, uyu ndi wa m'botolo.

Kwa amai nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Msana ndi bongo za mwana zimayamba kuumbika m'masiku 28 oyamba a pathupi, nthawi imene mai sanadziwe n'komwe kuti waima. Foleti ikasowa m'masiku amenewa, mwana angabadwe ndi cotupa kapena bala pamsana, mwinanso miyendo yosayenda. Mu 1991 kufufuza kotsogoleredwa ndi bungwe la Medical Research Council la ku Britain kunaonetsa kuti, mwa amai amene anakhalapo kale ndi pathupi pa mwana wotere, folic acid inacepetsa vutoli ndi magawo pafupifupi 7 mwa 10. Muyeso wa masiku onse ndi mamaikrogramu 400 pa tsiku, kuyambira pamene mai afuna kutenga pathupi. Amene ayamba sikelo pathupi pali pa miyezi isanu apindulabe ku mbali ya magazi, koma za msana wa mwana nthawi yapita kale.

Tsono pali mankhwala. Septrin ndi Fansidar zimapha tizilombo mwa kutitsekera njira yopangira foleti yawo, ndipo zikamwedwa nthawi yaitali kapena mopitiriza muyeso zingakhudzenso foleti ya munthu, makamaka amene ali wofooka kale. Mankhwala a khunyu monga phenytoin, phenobarbitone ndi carbamazepine nawonso amatsitsa foleti. Methotrexate, amene amapatsidwa kwa odwala kansa ndi nyamakazi ina, amalimbana ndi foleti mwacindunji.

Izi sizitanthauza kuti mankhwalawa ndi oipa. Septrin wapulumutsa anthu ambiri okhala ndi kalombo ka HIV, ndipo wa khunyu akaleka mapiritsi ake payekha angagwere pa mbaula. Colakwa cili pa kamwedwe kacisawawa. Septrin wa pa kantemba amamwedwa pa cimfine, pa cifuwa, pa m'mimba, popanda wopima aliyense. Mai wodwala khunyu amatenga pathupi osauza dotolo, pamene dotoloyo akanamusinthira mankhwala kapena kumupatsa folic acid ya muyeso waukulu nthawi ikalipo.

Ndipo kuculukitsa folic acid nakonso kuli ndi msampha. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limacenjeza kuti piritsi la mamiligramu 5 limafooketsa mphamvu ya Fansidar amene amai apakati amamwa poteteza malungo, pamene la mamaikrogramu 400 silitero. Limanenanso kuti mai amene akumwa Septrin masiku onse asapatsidwe Fansidar. Mai wogula yekha mapiritsi mumsika sangadziwe kuti agula la muyeso uti. Komanso folic acid itha kubisa kusowa kwa vitamini B12: magazi amaoneka kuti abwerera, pamene mitsempha ikuonongeka.

Cofunika ndi kulankhula zoona ku kiliniki. Wodwala anyamule mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a pa kantemba, ndipo anene poyera kuti amamwa mowa wotani ndiponso kangati pa mlungu. Anamwino nawonso afunse funso la mowa kwa amuna ndi akazi omwe, mopanda kunyoza, pakuti munthu wokalipiridwa pa mzere amabisa. Kunyumba, ndiwo zamasamba zisawire mpaka kusanduka zakuda, ndipo madzi ake asataidwe, cifukwa foleti yambiri imatsalira m'madziwo.