Kukonzekera gawo la kumvetsa nkhani pa mayeso a MSCE

Gawo la kumvetsa nkhani limapezeka pa mayeso a Chingerezi ndi a Chichewa omwe bungwe la MANEB limalembetsa, kuyambira a Sitandade 8, a JCE mpaka a MSCE. Wolemba mayeso amapatsidwa nkhani ya ndime zingapo yomwe sanaionepo, ndipo pansi pake pamakhala mafunso. Ku Fomu 4 gawoli n'lofunika kwambiri chifukwa amene walephera Chingerezi salandira setifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Nazonso sukulu zaukachenjede za boma zimafuna makirediti 6, ndipo imodzi mwa iwo iyenera kukhala ya Chingerezi.

Kusiyana kwa gawoli ndi maphunziro ena n'kwakuti ilo silitheka kuloweza. Wophunzira angathe kuloweza mayina a mitsinje kapena zaka za m'mbiri yakale usiku umodzi n'kukazilemba mawa lake, koma nkhani yomwe MANEB ibweretse saidziwa. Chomwe chimayesedwa ndi luso lowerenga, ndipo lusoli limakula ndi chizolowezi cha miyezi yambiri.

M'chipinda cholembera mayeso, nkhaniyo imafunika kuwerengedwa kawiri. Ulendo woyamba ndi wongofuna kudziwa kuti ikukamba za chiyani, za yani, ndipo yatha bwanji. Apa si poima pa mawu aliwonse achilendo. Kenaka wophunzira awerenge mafunso onse, n'kubwereranso ku nkhani ija modekha, akudula mizere kunsi kwa ziganizo zomwe muli mayankho. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kawirikawiri mafunso amatsata ndondomeko ya ndime, kotero yankho la funso loyamba silikhala kumapeto kwa nkhani. Malikisi olembedwa pambali pa funso nawo amalozera kutalika kwa yankho. Funso la malikisi imodzi silifuna ndime yathunthu, ndipo lofunsa zifukwa ziwiri likayankhidwa ndi chifukwa chimodzi, theka la malikisi lapita.

Msampha waukulu umakola ophunzira omwe mutu wa nkhaniyo akuudziwa kale. Mwachitsanzo, nkhani inganene za mlimi yemwe chimanga chake chinaola chifukwa anachiika m'matumba chisanaume. Funso n'kukhala lakuti, n'chifukwa chiyani mlimiyu analuza chimanga chake? Mwana wokulira kumudzi, yemwe waona nankafumbwe akupera chimanga cha kwawo, amathamangira kulemba kuti mlimiyo sanathire mankhwala. Zimene walembazo n'zochitika ndithu, koma m'nkhanimo mulibe, ndipo wochonga amazikhwatcha. Yankho la gawoli limachokera pa zimene mlembi wanena kapena zimene watanthauza, osati pa zimene wowerenga akudziwa za dziko. N'zomvetsa chisoni kuti ophunzira anzeru ndi amene amagwa kwambiri mu msampha umenewu, chifukwa iwo amakhala ndi zonena zambiri.

Mafunso ena yankho lake silinalembedwe poyera. Nkhani ikanena kuti mayi wina atamva uthenga anakhala pansi osayankhula, nsima n'kuzizira pambale, funso lingafune kudziwa mmene mayiyo anamvera. Mawu akuti chisoni mulibemo, koma umboni wake ulimo, ndipo wophunzira ayenera kuuloza. Mafunso a matanthauzo a mawu nawo amafuna tanthauzo logwirizana ndi chiganizo chomwe mawuwo ali. Pa mayeso a Chichewa apa ndi pamene zining'a zimagwetsa anthu: nkhani ikati mnzake anamutsina khutu, yankho ndi lakuti anamuuza chinsinsi kapena kumuchenjeza. Pofunanso tcheru ndi pa alowam'malo ndi mawu olumikiza monga komabe, ngakhale ndi choncho, chifukwa mawu otere amatha kutembenuza ganizo lonse la ndime.

Funso likanena kuti wolemba ayankhe m'mawu akeake, kukopera chiganizo chonse kumaluzitsa malikisi, pakuti sikuonetsa kuti munthu wamva. Luso lomweli ndi limene limafunika pa chifupikitso, pomwe wophunzira amatola mfundo zikuluzikulu n'kusiya zitsanzo ndi zobwerezabwereza.

Kukonzekera kwenikweni kumayamba kutatsala nthawi yaitali kuti mayeso afike. Wophunzira aziwerenga tsiku lililonse chinthu chomwe si notsi za m'kalasi: nkhani ya mu The Nation kapena The Daily Times, nthano, ngakhale kapepala ka malangizo a zaulimi. Akamaliza atseke n'kufotokozera mnzake zomwe wawerenga m'ziganizo zitatu. Akalephera, ndiye kuti maso okha ndi amene anadutsamo. Mawu achilendo ayambe waganizira tanthauzo lake poona ziganizo zoyandikana nawo asanatsegule dikishonale, popeza m'chipinda cha mayeso simulowa dikishonale. Mapepala a mayeso akale ndi othandiza pokhapokha akamalembedwa moyang'ana wotchi ndipo mphunzitsi n'kuchonga. Kungowerenga mayankho omwe ena analemba kumapatsa munthu chikhulupiriro chabodza chakuti wakonzeka.

Gwero la vuto la kusamvetsa nkhani lili kumakalasi oyambirira. Ana ambiri amafika ku sekondale akutchula mawu bwinobwino koma osagwira tanthauzo, makamaka m'Chingerezi, chomwe ambiri amangokumana nacho kusukulu. N'chifukwa chake m'chaka cha 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme yolimbikitsa kuwerenga kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Koma amene ali ku Fomu 3 ndi 4 lero sangabwererenso ku pulayimale, ndipo chomwe chingawathandize ndi kupeza zowerenga. Bungwe la National Library Service lili ndi malaibulale m'mizinda ndi m'maboma ena, pomwe sukulu zambiri zoyendera za kumidzi zimadalira mabuku ochepa omwe zili nawo. Aphunzitsi aakulu atulutse mabukuwo m'makabati kuti ophunzira azibwereka, ndipo makolo omwe amagula nyuzipepala ayambe apatsa ana kuti awerenge asanaikulungire zinthu kapena kuyatsira mbaula.